Zikwatu Zanga ndi Thumba la a Sakala

Anthu a kuno ku Mkanda akamakumbukira njala ya chaka cha 2002 amayambira mwezi wa Januwale, pamene maliro adayamba kuchuluka. Ine ndimayambira chaka chimodzi m'mbuyo mwake, chifukwa njala imeneyo ndidaiona ikubwera ndili m'munda mwanga, madzi akulekeza m'akakolo. Pa nthawiyo n'kuti amuna anga atatisiya kale. M'nyumba tidalimo anayi: ine, mwana wanga wachitsirizira Lonesi, yemwe adali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndi zidzukulu ziwiri zazing'ono, ana a malemu mwana wanga wamkulu. Zimene ndilembe pano zikukhudza abale anga. Ena adagona, ena ali moyo. Ndiyesetsa kuti ndisamuwonjezere kanthu wina aliyense, koma sindichotsaponso kanthu.

Malichi, chaka chisanafike

Mvula ya dzinja limenelo idagwa mopanda ulemu. Chimanga chidaima m'madzi mpaka masamba ake adachita chikasu, ndipo chambiri chidabereka tiana tonga chala. Koma zimene zimayanga pansi zidakondwa. Nkhwani udadzaza m'mizere, khwanya ndi chitambe chimodzimodzi, chisoso ndi bonongwe zidamera ngakhale pamene sitidazifune, ndipo kunkhalango kudali bowa woti munthu sangathe kuzula.

Kufutsa si chinthu chachilendo kwathu. Mayi aliyense amathyola masamba nthawi imeneyi, kuwawiritsa pang'ono, kuwayanika pamphasa mpaka aume gwa, kenaka kuwakulunga m'masamba a msuku ndi kumanga ndi luzi. Mpukutu umenewo ndiwo chikwatu, ndipo timaupachika kudenga la khitchini kumene utsi umafika, kuti tizilombo tisalowemo. Kawirikawiri mayi amamanga zikwatu zowerengeka, zongoti ndiwo zisasowe m'chilimwe. Chaka chimenecho ine ndidamanga mpaka denga lidasowa popachika, ndipo zina ndidazilowetsa kuchipinda chogona. Zala zanga zidada ndi kusadzula nkhwani. Tsiku la dzuwa likapezeka, mphasa zonse za m'nyumba zinkatuluka, ngakhale yogonera.

Alongo anga aakulu, a Sitefano, ankakhala kutsidya kwa dambo, kumudzi kwa akazi awo. Iwowo ndiwo adali eni mbumba yathu: ukwati, maliro kapena mlandu wa mwana aliyense wa ife alongo awo, mawu omaliza ankachokera kwa iwo. Akazi awo, alamu anga a Nabanda, adandipeza tsiku lina ndikutembenuza khwanya pamphasa ndipo adandifunsa ngati ndayamba kuweta akalulu a m'khola. Ndidaseka nawo, chifukwa adali munthu wanthabwala ndipo tinkagwirizana. Ndidawauza kuti chimanga cha chaka chino sichitifikitsa patali. Iwo adati zimenezo akuziona, koma masamba sadapulumutsepo munthu. Ndiwo ndi ndiwo basi, zimadikira nsima.

Sukulu ndidalekera Fomu 2, kwa asisitere. Zambiri zimene adatiphunzitsa zidauluka, koma chimodzi chidakhala: kuti thupi la munthu silidziwa dzina la chimene chalowa m'mimba. Sindidawauze alamu anga zimenezi, poopa kuoneka ngati ndikudzitama ndi sukulu.

Ogasiti

Tidakolola chochepa. Nkhokwe yanga, imene zaka zabwino inkadzaza mpaka kudenga, idalekeza m'chiuno. Mavenda adafika ndi masikelo awo mwamsanga, ndipo ambiri adagulitsa chimanga ndi mtedza pamtengo wolira, pokhulupirira kuti zikavuta adzagula kumsika wa boma monga zaka zonse. Ine mtedza wanga sindidagulitse ngakhale mbale imodzi. Sopo tidasowa, palafini tidasowa, koma mtedza udakhala m'matumba osasenda.

Mbatata ndidakumba yonse. Ina tidadya, yambiri ndidaiphika pang'ono, kuidula mapisi ndi kuiyanika pathandala mpaka idalimba ngati chikopa. Kudimba tomato adapsa nthawi imodzi, woti pamsika ankangotayidwa. Apo ndidakumbukira za mabotolo zimene tidaphunzira kusukulu. Ndidapempha mabotolo a jamu ndi a khofi otha ntchito kwa mayi wina wophika kunyumba ya ansembe, ndidawawiritsa pamodzi ndi zitsekerero zake, kuthiramo tomato wophika ndi mchere akadali wotentha, kutseka zolimba ndi kuwawiritsanso m'mphika waukulu. Si onse adandimvera. Ena patapita masabata adayamba kuchita thovu ndi kutukumula chitsekerero, ndipo amenewo ndidakataya kudzenje osalawa n'komwe, monga adatichenjezera. Otsalawo ndidawaika pansi pa bedi, pozizira. Tomato wina ndidangomudula ndi kumuyanika, ndipo kunena zoona wouma uja ndiye sadandivutitse.

Mwezi womwewo mphekesera idayamba kuyenda yakuti chimanga chimene boma lidasunga chagulitsidwa kunja. Ena ankati ndi bodza la andale. Koma amene adapita kumsika wa boma adabwerako ndi matumba opanda kanthu, atauzidwa kuti abwerenso sabata yamawa.

Novembala

Mvula yobzalira idabwera, idasiya, idabweranso. Tidabzala kawiri. Nsima tidayamba kudya kamodzi patsiku, ndipo ufa ndinkaupima ndekha, osalola Lonesi kuugwira, chifukwa dzanja la mwana limamva chisoni.

Mango adabereka kwambiri chaka chimenecho, ngati mitengo idadziwa. Anthu adayamba kuphika aawisi asanakhwime n'komwe. Ine ndidalimbana ndi ana a m'mudzi pa mitengo iwiri ya kuseri kwa nyumba yanga, kuti mango afike poyezuka. Atayamba kupsa tinkawasenda, kuwalenga mopyapyala ndi kuwayanika pa malata awiri akale amene amuna anga adasiya. Ntchito imeneyo idali ya maso kumwamba. Mtambo ukangoda chakumadzulo, ku Zambia, tinkathamanga kukaanula, chifukwa bango likanyowa kamodzi limachita nkhungu. Ambiri adawonongeka. Amene adauma bwino ndidawatsekera m'mitsuko ndi kumata pakamwa pake.

Anzanga a kumpingo ankati ndikadya mangowo lero ndidzakhala ndapindula, kusiyana n'kudyetsa ntchentche. Sindidawatsutse. Mango ali ndi mwezi wake, ndipo ine ndinkaganiza za mwezi umene mtengo udzakhale ndi masamba okhaokha.

Disembala

Alongo anga adabwera Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi. Ndidawayalira mpando pakhonde, ine ndidakhala pansi chapatali monga mwa ulemu. Adayamba ndi za mvula, kenaka za mitengo: kuti mbuzi yathunthu tsopano ikusinthidwa ndi ndowa ya chimanga, kuti anthu akugulitsa malata a nyumba ndi ziwiya, kuti amuna akuwoloka malire kukagwira ganyu wolipidwa madeya. Atatha zimenezo adafika pa chimene adadzera.

Padali bambo wina wamalonda, a Sakala, amene adali ndi njinga zingapo zotuta chimanga kuchokera ku Zambia kudzera njira zam'tchire. Adali ndi mkazi kale ndi ana aakulu kuposa Lonesi. Bamboyo adamuona Lonesi pachigayo ndipo adatumiza mawu kwa amalume ake. Adalonjeza kuti nyumba yanga sidzasowa chimanga mpaka kukolola. Alongo anga sadabise kuti nawonso adalonjezedwa kenakake, ndipo pa chimenecho ndimawalemekeza mpaka lero: sadali munthu wachinyengo. Kwawo kudali anthu ambiri kuposa kwanga, ndipo nkhokwe yawo idali itagona kale.

Ndidawakumbutsa kuti mwanayo akulowa Sitandade 8 mu Januwale. Adati sukulu siphikidwa. Ndidati m'nyumba muno chakudya chilimo. Adadzuka, adasuzumira m'nkhokwe, adalowa m'khitchini, adayang'ana kudenga, ndipo adatuluka akupukusa mutu. Adati aona ndiwo zambiri, zokwanira ukwati wa mfumu, koma chakudya sadachione.

Mkazi wa kwathu sakana mawu a mwini mbumba pamaso pake. Ndidangopempha kuti andipatse nthawi. Iwo adati:

"Chabwino, Naphiri. Koma tsiku limene ana awa adzagone osadya, ndidzabwera nawo anthuwo, ndipo simudzanditsutsanso."

"Ndamva, achimwene," ndidatero. "Tsiku limene adzagone osadya."

Mawuwo ndidawabwereza pang'onopang'ono, kuti akhale monga momwe adatulukira m'kamwa mwawo. Lonesi adali kuseri kwa nyumba akutsuka mbale, ndipo ndidadziwa kuti wamva, chifukwa mbale zidasiya kulira.

Januwale

Ufa udatha mwezi uli pakati. Ndidakung'untha thumba, ndidaphikira ana phala lomaliza, ndipo kuyambira tsiku limenelo tidatembenukira kudenga ndi kumitsuko. M'mawa ndinkaviika mango ouma m'madzi ofunda mpaka afewe, ana n'kudya ndi kumwa madzi ake. Chakudya chenicheni chidali chamadzulo: mbatata youma yoviika ndi kuphika ndi nsinjiro, ndiye futali ameneyo, ndi mfutso wotendera pambali pake. Tsiku lina khwanya, lina nkhwani, lina bowa. Sitinkakhuta monga m'chaka chabwino, koma palibe adagona m'mimba muli zii. Lonesi adayamba sukulu. Ankati m'kalasi mwawo mwatsala ana owerengeka, ndipo aphunzitsi ena ankawaweruzitsa dzuwa lisanafike pamutu chifukwa ana ankagona pamadesiki.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene ife a kuno tonse timachita osazindikira. Munthu angadye maungu, chinangwa kapena nthochi mpaka mimba kuti ndi, koma ukamufunsa ngati wadya amayankha kuti ayi, wangotola m'kamwa. Kudya ndi nsima. Ngakhale mwana woyamba kumene kuyankhula amadziwa zimenezo popanda womuphunzitsa.

Mdzukulu wanga wamng'ono, Tadala, adapita nane kumjigo tsiku lina. Kumeneko tidakumana ndi alamu anga. Ine ndili kalikiliki kupopa, iwo adamunyamula mwanayo mwachikondi ndi kumufunsa ngati wadya. Mwanayo, milomo ikadali ndi mafuta a nsinjiro, adayankha kuti kwathu sitikudya masiku ano, ufa unatha kalekale. Alamu anga adandiyang'ana ndi maso achisoni. Sindikuwaimba mlandu, adamva chimene aliyense akadamva. Ndidayesa kufotokoza, koma adangoti, "Musadzivute, alamu, tonse tili momwemo," ndipo adasenza ndowa yawo.

Patapita masiku awiri, chakum'mawa, ndidaona anthu atatu akutsika njira ya kudambo. Patsogolo padali alongo anga. Pambuyo pawo padali amuna awiri, ankhoswe a kwa a Sakala, ndipo wamkulu mwa iwo, mkulu wina wa imvi dzina lake a Daka, ankakankha njinga. Pakaliyala padali thumba la chimanga lodzaza, lomangidwa ndi mphira. Anthu a m'mudzi adatuluka m'nyumba zawo kuliyang'ana thumbalo likudutsa, monga momwe anthu amayang'anira mkwati.

Ndidawalandira, ndidayala mipando pansi pa mtengo wa mango, njinga adaitsamiritsa pa tsinde lake. Pamene ndinkawalonjera ndidaona kuti nsapato za alongo anga ndi zosamanga zingwe, ndipo mapazi adali atadzaza m'menemo mothina. Ndidadziwa kuti kumeneko ndi kutupa kwa njala. Si zonena pamaso pa alendo.

Alongo anga adafuna kuyamba nkhani nthawi yomweyo. Ndidanena mwaulemu kuti alendo achokera kutali, ndipo m'nyumba ya mayi athu mlendo sayankhula asanasambe m'manja. Pa chimenecho sakadanditsutsa, chifukwa adaleredwa m'nyumba yomweyo.

Ndidamuuza Lonesi kuti asatuluke. Ndidatsitsa chikwatu cha khwanya ndi china cha bowa. Ndidatsegula botolo la tomato, limodzi mwa amene ndinkasungira tsiku la matenda. Nsinjiro sindidaumire. Futali ndidaphika wambiri, wa masiku atatu a nyumba yanga, ngakhale ndinkadziwa chimene ndikuchotsa m'kamwa mwa ana. Ndidapakulira m'mbale zimene timaikamo nsima, ndi kuvundikira bwinobwino. Ndidapereka madzi osamba m'manja nditagwada, ndidatula mbale, ndipo ndidachoka kuti adye momasuka.

Ndili m'khitchini sindidamve kuyankhula kulikonse. Amuna atatu aja adadya mwakachetechete, monga amadyera anthu amene akhala nthawi osaona mbale yodzaza. Nditabwerako ndi madzi, mbale zonse zidali zoyera ngati zatsukidwa.

Ndidagwada chapatali, ndipo ndidafunsa funso limene mayi aliyense amafunsa pochotsa mbale.

"Pepani alendo athu, ndi chaka chake. Kaya mwadya?"

"Aa, tadya mayi," adayankha a Daka, akupukuta manja. "Tadya, takhuta. Ine chipitire Khirisimasi m'mimba mwanga simunalowe zotere."

Mnzawo uja adavomereza. Ndidatembenukira kwa alongo anga.

"Nanga inu achimwene, mwadya?"

Adandiyang'ana, ndipo ndidaona kuti azindikira. Akadati sanadye, akadanyoza chakudya cha mlongo wawo pamaso pa alendo amene angothokoza kumene, mbale yawo ili yopukutidwa ndi chala.

"Ndadya," adatero motsitsa.

"Zikomo. Zimenezi ndi zimene ana anadya dzulo ndi dzana, ndipo adyanso madzulo ano."

Ndidasonkhanitsa mbale ndi kubwerera kukhitchini. A Daka adali munthu wamkulu wodziwa kumva zimene sizidanenedwe. Zikuoneka kuti adauzidwa za pangano lija m'njira. Ndidawamva akuseka pang'ono, kenaka akuuza alongo anga kuti iwo adatumidwa kunyumba ya njala, ndipo zikuoneka kuti asokera khomo. Adati akanena kwa amene adawatuma. Thumba silidamasulidwe n'komwe. Lidakwera njira ya kudambo monga lidatsikira, anthu akuliyang'ananso.

Alongo anga adatsalira pang'ono. Adandiuza kuti ndawatchera msampha pamaso pa alendo, ndi kuti sadayembekezere zotere kwa mwana wa mayi awo. Ndidati sindidasinthe liwu ngakhale limodzi pa mawu awo. Ndidawatulutsira zikwatu ziwiri, mbatata youma ndi mtedza kuti atengere kunyumba. Adakana. Adati ndiwo zangazo ndidye ndekha.

Febuluwale

Mwezi umenewu sindikonda kuukumbukira. Chimanga chidamasula, chidabereka, koma chidali chisanakhwime, ndipo anthu ankachiyang'ana ngati chikuchita dala. Ena adayamba kukumba zitsa za nthochi ndi kuzisinja. Ena adadya mizu yam'tchire imene makolo awo sadaidyepo, ndipo idawapweteka. Madeya adasanduka chakudya cha olemera. Kudamveka kuti ogulitsa ena akusakanizamo utuchi. Matenanti a m'maesiteti a fodya, anthu ochokera kutali opanda abale kuno, ankayenda khomo ndi khomo ndi ana kumbuyo, popeza mabwana awo adasiya kuwapatsa phoso. Kumanda kunkapitidwa pafupifupi tsiku lililonse, ndipo nyimbo zidafupika chifukwa oimba adalibe mpweya. Tidamvanso za anthu ogwidwa akuba chimanga chachiwisi ndi zimene adachitidwa; sindizilemba pano.

Katundu amene alongo anga adakana ndidamutumiza mwakachetechete kwa alamu anga, ndipo iwo adalandira chifukwa cha ana. Ndidatumizanso kawiri pambuyo pake. Koma adandiuza kuti bambo a m'nyumba sakhudza chilichonse chochokera kwanga. Ankadzuka m'mamawa kupita kutsidya kwa malire kukapalira minda ya eni, n'kubwera ndi kathumba ka madeya, ndipo kankagawidwa kwa anthu onse a pakhomo.

A Sakala sadadikire. Adatenga mtsikana wina wa mudzi woyandikana nafe, ndipo kwawo kwa mtsikanayo kudayamba kufuka utsi kawiri patsiku. Makolo akewo sindiwaweruza. Adalibe denga longa langa.

Kwanganso zinthu zidayamba kuchepa. Mabotolo adatha, mango adatsala a pansi pa mtsuko, mbatata idayamba kufumbwa ndipo tinkaipeta tisanaphike. Nsinjiro ndinkapima ndi nsonga za zala. Ana adaonda, maso adakula, koma miyendo yawo sidatupe ndipo tsitsi lawo silidasinthe mtundu. Ndinkawayang'ana m'mawa uliwonse powasambitsa. Tsiku lina tikuzula udzu m'munda, Lonesi adaima ndi kundifunsa osandiyang'ana ngati sikukadakhala bwino akadangopita, kuti amalume ake apeze chimanga ndi kuti anthu asiye kutiloza zala.

"Ukadapita, thumba lija likadatha mwezi usanathe," ndidamuuza. "Iwe sukadabwerako. Zula udzu."

Kumapeto kwa mweziwo ngolo idaima pakhomo panga. Mwamuna wa kwathu akadwala kwambiri kumudzi kwa mkazi wake, amabwezedwa kwa abale ake, ndipo alongo anga adabwezedwa kwa ine. Miyendo idali itatupa mpaka m'mawondo, ndipo ankatsegula m'mimba. Kuchipatala adawapatsa madzi a mchere ndi shuga ndi kuwabweza, chifukwa odwala adali atagona mpaka pakhonde. Ndidawagoneka pamphasa yanga. Ndinkasinja mbatata youma kukhala ufa, kuphika phala lamadzimadzi ndi nsinjiro ndi msuzi wa mfutso, ndi kuwamwetsa ndi supuni. Tsopano sadakane. Tsiku lina atameza adandiyang'ana ndi kunena kuti, "Munandipambana ndi mawu, Naphiri. Koma ine ndinali ndi anthu asanu ndi atatu." Ndidayankha kuti ndikudziwa, achimwene. Za Lonesi sadatchulenso, kaya movomereza kaya motsutsa, ngakhale kuti ndi iyeyo amene ankawachapira zofunda.

Malichi

Alongo anga adatisiya sabata yoyamba ya mweziwo, maungu oyamba atangoyamba kukhwima m'munda.

Chaka chimenecho maliro ambiri adaikidwa popanda chakudya, ndipo adzukulu okumba manda ankakumba mosafika pansi chifukwa cha kufooka. Ine ndidati mwini mbumba yathu saikidwa choncho. Ndidatsitsa zikwatu zonse zimene zidatsala, ndidakhuthula mtedza womaliza, tidathyola maungu amene adalipo, ndipo okumba manda ndi operekeza adadya. Denga la khitchini lidatsala ndi zingwe zokhazokha. Masabata otsatirawo tidakhalira maungu anthete ndi nkhwani wauwisi mpaka chimanga chidafika pootcha.

Tsiku lometa, amayi tili tokha kuseri kwa nyumba, alamu anga adayankhula. Sadakweze mawu. Adanena pamaso pa onse kuti thumba lija likadamasulidwa, bwenzi amuna awo ali moyo. Adati ine ndidasankha mwana wanga ndi kutaya mlongo wanga. Amayi ena adawagwira dzanja kuti akhale chete, koma ine ndidati awaleke, ali ndi ufulu wolira mmene akufunira.

Ndidaganiza ndisanayankhe, chifukwa mawu a pamaliro saiwalika. Ndidati mwina akunena zoona, ndipo palibe munthu angadziwe. Ndidati alongo anga ndidawakonda, ndidawadyetsa ndi dzanja langa, ndipo chilichonse cha m'nyumba mwanga chimene chikadawapulumutsa ndidapereka ndipo ndikadaperekanso. Koma Lonesi sadali chinthu cha m'nyumba mwanga.

Alamu anga adadzuka, adafunda chitenje kumutu, ndipo adawoloka dambo tsiku lomwelo.

Meyi

Ambiri adakolola mapesi okhaokha, popeza chimanga chidadyedwa chili chachiwisi, china ndi eni ake, china ndi akuba. Ine ndidapulumutsa chigawo cha pakati pa munda, ndipo titakolola ndidatumiza dengu kwa ana a alongo anga, monga ndachitira chaka chilichonse kufikira atakula. Thandizo la chimanga lidafika pambuyo pake, manda atadzaza kale.

Lonesi adalemba mayeso ake chaka chimenecho ndipo sadasankhidwe. Adabwereza, adapita kusekondale yoyendera, adalekera Fomu 3. Sadakhale nesi kapena mphunzitsi, kuti wina anene kuti nsembe idabala zazikulu. Amasoka zovala pamsika, ndipo adakwatiwa ali wamkulu ndi mwamuna amene adamufuna yekha. Ena amandifunsa ngati zimenezo zidali zoyenera moyo wa munthu. Ndimawayankha kuti sindidamukanize kwa a Sakala kuti adzandibwezere kanthu.

Alamu anga a Nabanda ali moyo, akalamba monga ine. Tikakumana pamaliro kapena kutchalitchi ndimayamba ndine kuwalonjera, ndipo amayankha mwachidule. Lonesi akawaona amagwada, chifukwa ndi akazi a amalume ake ndipo ndidamulera choncho. Iwo amayang'ana kumbali. Akuluakulu a mpingo adayesapo kutiyanjanitsa. Adandiuza kuti nkhani yonse ingathe ndi liwu limodzi lokha, loti pepani, ndipo adadabwa kuti mayi wopemphera ngati ine ndikuumira liwu laling'ono chotero.

Ndidawafotokozera kuti liwulo lili pawiri. Pali pepani amene timanena kwa munthu woferedwa, ndipo ameneyo ndidamunena tsiku la maliro, ndamunena zaka zonsezi, ndipo ndidzamunena mpaka tsiku limene adzandinyamule. Koma pali pepani wina, wa munthu amene wagwidwa ndi mlandu, wovomera kuti akadayenera kuchita mwina. Ameneyo ndi amene alamu anga akudikira, ndipo ndawauza akuluakuluwo mwaulemu wonse kuti asawalonjeze. Sadzamumva kwa ine.